ZA PAKHOMO: Tchati cholukira sichifuna Chingerezi kapena Chipwitikizi

Mwezi wa Meyi ukangolowa, mwera umayamba kuwomba panyanja ndipo sutopa mpaka cha mu Ogasiti. Asodzi a usipa amene amachezera pamadzi ndi nyali amakocheza m'mawa akunjenjemera. Kumtunda kwa Maniamba ndi ku Lichinga ndiye kumazizira koposa. Iyi ndi nyengo imene singano zolukira zimatuluka m'masutikesi, ndipo kuyambira ku Meluluca, Metangula, Messumba mpaka ku Cobué, amayi amapezeka pansi pa mitengo ya mango ali kalikiliki ndi ulusi.

Ambiri mwa amayiwa amaluka za pamtima. Ena anaphunzira kwa amayi awo, ena m'misonkhano ya amayi a mpingo, enanso ku Malawi nthawi yothawa nkhondo imene inatha mu 1992. Manja awo ndi aluso ndithu, koma vuto n'lakuti aliyense ali ndi kalukidwe kamodzi kapena kawiri komwe amabwereza chaka ndi chaka. Akapatsidwa pepala la timabokosi losonyeza kalukidwe katsopano, amaliyang'ana pang'ono, n'kulipinda, n'kuliika pansi pa sutikesi, amvekere, "Izi n'za anthu ophunzira."

Mantha amenewa ali ndi gwero lake. Mapepala ochokera ku Lichinga amalembedwa m'Chipwitikizi, pamene ochokera ku Likoma kapena ku Nkhata Bay amalembedwa m'Chingerezi, ndipo onsewa amadzaza ndi mawu odulidwa amene ngakhale mphunzitsi amakanda nawo mutu. Koma tchati, chomwe Apwitikizi amati gráfico, chilibe chinenero. Ndi chithunzi chabe cha nsalu imene ikulukidwayo. Amene amatha kuwerenga mpaka 20, ndipo amasiyanitsa kumanja ndi kumanzere, angathe kuchitsata.

KABOKOSI KAMODZI, DISO LIMODZI

Munthu wa kunyanja amadziwa maso a ukonde. Kuluka juzi nakonso ndi kupanga maso, ndipo m'Chipwitikizi mawu akuti malha amatanthauza zonse ziwiri, diso la ukonde ndi diso la juzi. Tsono pa tchati, kabokosi kamodzi kamaimira diso limodzi la pasingano. Timabokosi tondandalikana chopingasa timaimira mzere umodzi, kutanthauza ulendo umodzi wochotsa maso onse ku singano ina kupita nawo ku inzake.

Maso enieni alipo a mitundu iwiri yokha. Loyamba ndi diso losalala, looneka ngati chilembo V, lomwe mapepala a Chingerezi amati knit ndipo a Chipwitikizi amati meia. Lachiwiri ndi diso lamfundo, looneka ngati kambewu ka mpunga kogona chopingasa, lomwe amati purl kapena liga. Chinsinsi chake n'chakuti awiriwa ndi diso limodzi lomwelo. Diso losalala likatembenuzidwa, kuseri kwake ndi lamfundo. Woluka aliyense anaziona kale zimenezi, popeza juzi yosalala kunja imakhala ya timfundo mkati.

Tchati chimajambula nsalu monga momwe imaonekera kunja, mbali imene anthu adzaione juziyo ikavalidwa. Woluka akaigwiritsa mfundo imeneyi, zotsalazo sizivuta.

POYAMBIRA NDI PANSI, KUDZANJA LAMANJA

Kusukulu ana amaphunzira kuwerenga kuchokera pamwamba, kumanzere kupita kumanja. Tchati chimakana zimenezo. Nsalu imakula kuchokera pansi kukwera m'mwamba monga khoma la nyumba, ndipo diso loyamba kulukidwa limakhala la kumanja. Choncho kabokosi koyamba ndi ka pangodya ya pansi kudzanja lamanja, ndipo mzere woyamba umawerengedwa kulowera kumanzere.

Mzere woyamba ukatha, woluka ndi singano ziwiri amatembenuza nsalu, ndipo tsopano akuyang'ana mkati mwake. Diso limene anamalizira ndilo ayambire. N'chifukwa chake mzere wachiwiri umawerengedwa kuchokera kumanzere kubwerera kumanja. Wachitatu umayambanso kumanja, wachinayi kumanzere, monga amachitira munthu wopalira amene akafika kumapeto kwa mzere sabwerera koyambira koma amangokhotera mumzere winawo.

Manambala a m'mbali mwa tchati amathandiza pamenepa. Nthawi zambiri 1, 3, 5 amalembedwa kumanja ndipo 2, 4, 6 kumanzere. Kumene kuli nambala ndiko koyambira mzerewo. Manambala onse akakhala kumanja motsatana, 1, 2, 3, 4, ndiye kuti chinthucho chimalukidwa mozungulira ndi singano zinayi kapena zisanu, monga sokosi kapena chipewa chopanda msoko. Polukira mozungulira nsalu sitembenuzidwa, motero mzere uliwonse umayambira kumanja. Palinso matchati ena amene amangolemba 1, 3, 5, 7. Amenewa anasiya mizere ya mkati pofuna kusunga malo, ndipo penapake papepalapo pamakhala mawu ofotokoza kalukidwe ka mizere yosiyidwayo. Apa mpofunika kufunsa wodziwa chinenerocho kamodzi kokha, n'kulemba yankho lake m'mphepete mwa pepala.

Wosokoneza dongosolo limeneli amalangidwa ndi nsalu yomwe. Woyambira pamwamba amatulutsa nsomba yoyang'ana mimba kumwamba ngati yakufa. Woyambira kumanzere amatulutsa dzina la mwana lolembedwa chobwerera, loti kuliwerenga kwake mpaka pagalasi.

ZIZINDIKIRO

Pambali pa tchati chilichonse chabwino pamakhala mndandanda wofotokoza zizindikiro, womwe umatchedwa key kapena legenda. Woluka asaponye diso ngakhale limodzi pasingano asanaumvetse mndandanda umenewu, chifukwa zizindikiro sizifanana m'maiko onse. Komabe zofala kwambiri ndi izi.

Kabokosi kopanda kanthu ndi diso looneka losalala kunja. Kabokosi ka kadontho, kapena ka kamzere kogona, ndi diso looneka lamfundo kunja. Kabokosi kokhala ndi kozungulira ngati chilembo O kakutanthauza kukulunga ulusi pasingano kamodzi, zomwe zimawonjezera diso limodzi ndi kusiya kabowo kokongoletsa. Kamzere kopendekera kumanja kakutanthauza kuluka maso awiri pamodzi kuti akhale limodzi. Kopendekera kumanzere nakonso kamachepetsa diso limodzi, koma chilondacho chimagonera kumanzere. M'zoluka za timabowo, kawirikawiri kozungulira kalikonse kamakhala ndi kamzere kopendekera kake, kuti lowonjezedwa ndi lochotsedwa zifafanizane ndipo nsalu isakule kapena kuchepa.

Pali chizindikiro china chimene chagwetsa ambiri, ndicho kabokosi kodetsedwa konse. M'matchati a ulusi wa mtundu umodzi, kameneka kamatanthauza kuti pamenepo palibe diso. Woluka angokadumpha ndi maso ake, osadumpha diso la pasingano. Koma m'matchati a ulusi wa mitundu iwiri, kabokosi kodetsedwa kamaimira ulusi wa mtundu winawo. Mapepala a ku Japan nawonso ali ndi njira yawo, popeza diso losalala amalisonyeza ndi kamzere koimirira. Zonsezi zikutsimikiza kuti mndandanda wa zizindikiro ndiwo woyenera kuwerengedwa poyamba.

MZERE WA MKATI NDIWO MSAMPHA

Apa ndi pamene pafunika kudekha. Popeza tchati chimasonyeza kunja kwa nsalu, woluka akakhala pamzere wa mkati ayenera kutembenuza chizindikiro chilichonse m'mutu mwake. Kabokosi kopanda kanthu akalukire diso lamfundo, kuti kunja lioneke losalala. Ka kadontho akalukire diso losalala, kuti kunja lioneke lamfundo.

Nachi chitsanzo. Tchati chili ndi timabokosi 8 m'lifupi. Kuchokera kumanja, timabokosi 5 ndi topanda kanthu ndipo 3 totsatira tili ndi madontho. Mzere wachiwiri wajambulidwa chimodzimodzi pamwamba pake. Pamzere woyamba woluka aluke maso 5 osalala, kenaka 3 amfundo. Akatembenuza nsalu, ayambire kumanzere kwa tchati, komwe akumana ndi madontho 3. Popeza ali mkati, aluke maso 3 osalala. Kenaka pakubwera timabokosi 5 topanda kanthu, ndipo aluke maso 5 amfundo. Akayang'ana kunja apeza kuti osalala akwera pa osalala anzawo ndipo amfundo akwera pa amfundo anzawo, monga momwe pepala likusonyezera.

Wophunzira ayambe ndi chitsanzo chonga chimenechi pa ulusi wotsala, maso 16 kapena 24 okha, mpaka manja atazolowera. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha.

CHIGAWO CHOBWEREZA

Juzi ya munthu wamkulu imakhala ndi maso oposa 100 pamzere umodzi, koma tchati chake chingakhale cha timabokosi 10 tokha. Chifukwa chake n'chakuti wojambula amangosonyeza chigawo chimodzi chomwe chiyenera kubwerezedwa, ndipo amachitchinga ndi mizere yakuda kwambiri kapena yofiira. Timabokosi ta kunja kwa mpandawo timalukidwa kamodzi kokha, koyambirira ndi kumapeto kwa mzere. Ta mkati mwa mpanda ndito timabwerezedwa mpaka maso atatsala okwanira a kumapetowo.

Masamu ake ndi ofunika kuwachita ntchito isanayambe. Ngati chigawo chobwereza chili ndi maso 8, maso onse ayenera kugawika ndi 8, monga 64, 72 kapena 80, kuwonjezerapo a m'mphepete. Woponya maso 70 pa chigawo cha maso 8 adzafika kumapeto duwa lili theka. Njira yabwino yopewera kusochera ndiyo kumanga timphete ta ulusi wa mtundu wina ndi kutilowetsa pasingano pakati pa zigawozo. Pakati pa timphete tiwiri pakapezeka maso 7 kapena 9 m'malo mwa 8, cholakwa chili pomwepo, ndipo sipafunika kumasula mzere wonse pochifunafuna.

KUSUNGA MALO

Mayi wa pamudzi saluka mosadodometsedwa. Mwana alira, mphika usefukira, ngalawa ikocheza ndipo pafunika kuthamangira usipa wokayanika. Pobwerera, funso limakhala lakuti, kodi anali pamzere uti? Pali njira zingapo zosalira ndalama.

Yoyamba ndiyo kugoneka rula kapena kachidutswa ka bango patchati. Kagonekedwe pamwamba pa mzere umene ukulukidwa, osati pansi pake, kuti mizere yolukidwa kale izioneka ndipo woluka azitha kuifanizira ndi nsalu ili m'manja. Yachiwiri ndiyo kuponya njere ya chimanga kapena kamwala m'mbale mzere uliwonse ukatha, bola mbaleyo ikhale patali ndi nkhuku ndi ana. Yachitatu ndiyo kuchonga ndi pensulo pambali pa nambala ya mzere. Ndi bwinonso kumaliza mzere asanaike singano pansi. Zikakanika, akumbukire kuti ulusi wochokera ku mpukutu umalendewera ku singano imene iyenera kukhala kudzanja lamanja.

Pa kalukidwe kovuta, woluka wanzeru amatenga ulusi wopyapyala wa mtundu wina, ngakhale uja wosokera ukonde, n'kuupisa m'maso onse a pasingano akamaliza chigawo chimene watsimikiza kuti chili bwino. Akadzalakwitsa kutsogolo amamasula mopanda mantha, chifukwa maso amakaima pa ulusi uja. Ndipo ulusi wakuda kapena wobiriwira kwambiri ulukidwe masana, pakuti pa kuwala kwa nyali maso ake saoneka bwino.

KAYESENI KA MASENTIMITA 10

Tchati chimanena za maonekedwe, koma sichilonjeza kuti chovala chidzakwana. Kukula kwa diso kumadalira ulusi, singano ndi dzanja la woluka. Kuno ambiri amalukira masipoko a njinga kapena nsungwi zosema, ndipo ulusi wina ndi womasula ku majuzi a kaunjika, omwe m'misika amatchedwa calamidade. Zotere sizingafanane ndi zimene anagwiritsa ntchito wolemba pepala.

Ngakhale singano za m'sitolo zili ndi msampha wake. Zakale za ku Britain, zomwe zikadalipo m'mabanja ambiri, nambala yake ikamakwera singano imachepa: nambala 8 ndi mamilimita 4, pamene nambala 10 ndi mamilimita 3 ndi kota. Ku America nambala 8 ndi mamilimita 5. Choncho chodalirika ndi mamilimita, osati nambala.

Mapepala ambiri amanena kuchuluka kwa maso ndi mizere yoyenera kulowa m'masentimita 10. Pa ulusi wapakatikati ndi singano za mamilimita 4, kawirikawiri amakhala maso 22 ndi mizere 30. Woluka ayambe waluka kansalu koyesera, komwe Apwitikizi amati amostra, n'kukayeza ndi tepi kapena rula. Ena amati kumeneku n'kutaya nthawi, koma masamu akukana. Msana wa juzi wa maso 110 uyenera kukhala masentimita 50. Dzanja lomasuka lolowetsa maso 20 okha m'masentimita 10 lidzatulutsa masentimita 55, ndipo pophatikiza kutsogolo ndi kumbuyo juziyo idzakula ndi masentimita 10. Dzanja lothina lolowetsa maso 24 lidzatulutsa pafupifupi masentimita 46, ndipo mwini juzi sadzapuma bwino. Maso akachepa pa muyeso, pafunika singano yaing'onopo. Akachuluka, pafunika yokulirapo. Ulusi wogula ku Lichinga, ulendo wa makilomita oposa 100 kuchokera ku Metangula, si woti n'kuuseweretsa chifukwa chothawa ntchito ya madzulo amodzi.

CHIPEWA CHA KHANDA

Palibe chinthu choyenera kuyambira kuposa kachipewa ka mwana wakhanda. N'kakang'ono, sikadya ulusi wambiri, ndipo ntchito yake ndi yaikulu. Khanda limataya kutentha msanga, makamaka kudzera kumutu, popeza mutu wake ndi waukulu poyerekeza ndi thupi. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati thupi la khanda liyenera kutentha madigiri 36.5 mpaka 37.5. Ana obadwa masiku asanakwane ndiwo ali pangozi yaikulu, ndipo njira ya kangaru, yomwe inayambira mumzinda wa Bogotá ku Colombia mu 1978, imafuna kuti mwana agone pachifuwa cha mayi khungu ndi khungu atavala chipewa. Mwana wobadwa usiku wa mwera mu Juni kapena Julayi amachifuna chipewa chimenechi tsiku lomwelo.

Mutu wa khanda lobadwa pa nthawi yake umazungulira masentimita pafupifupi 34 kapena 35. Chipewa chimayenera kuchepa pang'ono kuti chigwire. Pa muyeso uja wa maso 22, maso 72 amapereka pafupifupi masentimita 33, ndipo 72 amagawika bwino ndi 8, kutanthauza kuti chitsanzo chija cha maso 5 ndi 3 chibwerezedwa ka 9. Woluka ndi singano ziwiri awonjezere diso limodzi mbali iliyonse la msoko, onse akhale 74. Kwa mwana wochepa thupi, maso 64 amapereka masentimita 29. Ulusi ukhale wofewa ndi wochapa bwino. Ngati chipewacho n'cha mitundu iwiri, ulusi wodutsa kuseri usadumphe maso oposa 5 osaukola ku unzake, chifukwa zingwe zazitali zimakola tizala ta mwana ndiponso zimakwinya nsalu.

KUJAMBULA TCHATI CHAKECHAKE

Wodziwa kuwerenga tchati sachedwa kudziwa kuchilemba. Chofunika ndi kope la masamu la timabokosi ndi pensulo basi. Koma pali chenjezo limodzi. Timabokosi ta m'kope ndi tofanana mbali zonse, pamene diso la juzi ndi lalifupi msinkhu koma lotambalala. Chithunzi cha timabokosi 22 m'lifupi ndi 22 m'litali chimatuluka masentimita 10 m'lifupi koma 7 okha ndi pang'ono m'litali. Wojambula chambo chonenepa m'kope adzadabwa kuona kuti pajuzi patuluka usipa. Mankhwala ake ndi kuchitalikitsa chithunzicho pojambula: pa timabokosi 3 tiliton­se ta m'lifupi, apereke 4 ta m'litali.

Luso limeneli lili ndi phindu lina loposa kukongoletsa. M'midzi ya m'mbali mwa nyanja muno muli agogo amene ali ndi kalukidwe kosapezeka m'buku lililonse. Maso awo akayamba kuchita chidima, kalukidweko kamapita nawo. Magulu a amayi, kaya a kutchalitchi kaya a kumzikiti, angathe kukhala pansi ndi agogo otere tsiku limodzi, wina akuwerenga maso pa juzi yakale, mwana wa sukulu akudetsa timabokosi m'kope. Kope lotere lisungidwe m'pepala la pulasitiki kuopa chinyezi ndi chiswe, ndipo amene ali ndi foni alijambule kuti likatayika pakhale potengera. Tchati cholembedwa ku Cobué chingawerengedwe ku Likoma, ku Mbamba Bay ngakhale ku Maputo popanda womasulira.

Abambo nawo asaone ngati nkhaniyi siikuwakhudza. Amene amatha kusoka chilimira chong'ambika osaphonya diso angathenso kutsata timabokosi, ndipo chipewa chochezera nacho panyanja amachifuna ndi iwo omwe.

Sabata yamawa tsamba lino lidzafotokoza kamasulidwe ka juzi ya kaunjika: kuzindikira msoko wa juzi yomasulika, kuchapa ulusi wake ndi kuuwongola kuti ulukikenso.